Moto Wosafuka Utsi

Bambo anga, a Zuze Alufandika,
adadula nzimbe ku Nchalo zaka makumi awiri ndi zitatu.
Ankadzuka nthanda ikadali m'mwamba
kunola chikwanje pamwala wa kuseri kwa bafa,
madzulo n'kubwera ali bii ngati chitsa chopserera,
mano okha mbee.

Ine ndinali Fomu 2
tsiku lomwe Mayi Nyathando adatitulutsa m'kalasi
poti malata ankatiwotcha mitu.
Pansi pa msawu adathyola tsamba limodzi
n'kuliloza kudzuwa.
"Iyi ndi khitchini," adatero.
"Kunsi kwake kuli timilomo tosaoneka,
tomwe timamwa mpweya umene inu mwataya.
Madzi akwera kuchokera kumizu,
dzuwa ligwera pobiriwirapa,
ndipo popanda nkhuni, popanda mthiko,
shuga wapsa.
Chotsala liponya kunja.
Ndicho mukupumachi."

Fole adafunsa ngati tsamba limalandira pakutha pa mwezi.
Tidaseka.
Mayi Nyathando sadaseke.

Usiku womwewo ankatentha munda wokadulidwa m'mawa.
Thambo lidafiira mpaka kumapiri a Thyolo,
mwaye n'kumagwera zovala pachingwe.
Ndidati: bambo, taonani,
dzuwa la miyezi khumi ndi iwiri
likuthawa m'masamba kamodzin'kamodzi.
Iwo adati: kagone, mawa sukulu.

Sabata yotsatira tidamva za moto winawo,
wosafuka utsi, wosathetheka,
woyaka m'maselo, tizipinda ta thupi
tochuluka kuposa mchenga wa mumtsinje wa Mwanza.
M'kachipinda kalikonse muli timbaula,
mitokondiriya, dzina londipinda lilime,
momwe shuga amanyemedwa pang'onopang'ono
monga amayi ankanyemera malipiro
kuti akafike tsiku lomaliza la mwezi.
Mpweya ulowa, nyonga ituluka,
ndipo wotha ntchitowo ubwerera kutsamba.
Ngakhale nzimbe, akuti, usiku
imadyako zomwe idaphika masana.

Kuyambira pamenepo ndikaona mkono wa bambo
ukukwera, ukutsika, ukukwera,
ndinkadziwa chinsinsi chomwe kapitawo sankachidziwa:
dzuwa ndilo likugwira chikwanje.
Dzuwa la chaka chatha,
lodzera m'mapira ndi mbatata ya kudimba,
likugwetsa dzuwa la chaka chino.

Lero ndine namwino.
Bambo akhala pabenchi ya chipatala,
lamba ataliboola kachitatu,
botolo la madzi lachiwiri latha kale.
Ndawabaya chala.
Kamakina kaonetsa nambala
yomwe sindifuna kuitchula mokweza.

Shuga wadzaza m'magazi.
Wafika pakhomo la selo iliyonse ndipo wangoima,
ngati magonyeti odzaza nzimbe
atandanda pageti la fakitale
mlonda atataya kiyi.
Kunja katundu mulu.
Mkati ng'anjo zikuzilala,
ndipo thupi layamba kuzula mapaso a nyumba yake
kuti moto usazime.

"Ndiye kuti shuga yense ndidadula uja wandilondola?"
Akufunsa akuseka,
kuseka kwa munthu wofuna yankho ndithu.
Ndikuti ayi, bambo, sizikhala choncho,
ndipo ndiyamba kufotokoza za kiyi wosowayo,
za jakisoni wa m'mawa ndi madzulo,
za mtsuko wa mchenga wonyowa
mosungira mankhwala, poti kwathu firiji kulibe
ndipo Okutobala wa kuno sachitira chifundo botolo.

Sakundimvera.
Maso awo ali pawindo, pamtengo wa nimu
womwe waima pafupi ndi pokhomera njinga,
masamba ali zii, ali pantchito,
dzuwa lili paliwombo.

"Uja mphunzitsi wako," atero,
"ankati izi zimadya zomwe ife tataya?"

Ndikuti eya.
Sindinkadziwa kuti usiku uja adamva.

Akoka mpweya wambiri, nthiti n'kuwerengeka,
autulutsa pang'onopang'ono cha kuwindoko.
"Kalandire," atero kwa mtengowo.
"Ine ndi iwe tidagwira kampani imodzi."

Kenaka akweza malaya,
n'kundionetsa pobaya.